Dzanja la a Muhiwa

Chaka chimene Tereza anayamba kuyenda

Za kumudzi ku Nsanje ndi za sukulu ndinakuuzani kale pakamwa mpaka munatopa nazo, ndiye pano ndingoyambira pa ntchito. Inu ana anga munakula mukudziwa kuti mayi anu amagwira kwa zithunzi, koma palibe mmodzi mwa inu amene anandifunsapo kuti tsiku lonse ndimachita chiyani kwenikweni. Luka anauzapo aphunzitsi ake kuti mayi anga amajambula anthu. Bodza lenileni! Ine sindinajambulepo ngakhale nkhuku. Ntchito yanga inali yoletsa anthu kugwira.

Nyumba ya zithunzi ija mukuidziwa, yakale ija ya khonde lalitali ndi malata ofiira, kuseri kwa mabanki m'tauni. Zithunzi za mmenemo si za kamera ayi, ndi zopenta ndi manja pa chinsalu, zina zakale kuposa agogo a agogo anu. Anazisonkhanitsa ndi mzungu wina wa esiteti ya tiyi ku Thyolo, amene ankazigula ku Ulaya ndi ku Amereka akapita kutchuthi. Atamwalira, ana ake anavomera kuti zitsale kuno anthu aziziona, koma eni ake anakhalabe iwowo, ndipo ananeneratu kuti zikadzayamba kuwonongeka adzazitenga. Mawu amenewo tinkawakumbukira tsiku ndi tsiku.

Ndinalowa ngati wokolopa. Nthawi imeneyo bambo anu anali atangoyamba ulonda ku Limbe, ife tikuchita lendi kachipinda ku Nkolokosa. Amene anandilandira anali a Muhiwa, oyang'anira nyumbayo, bambo wamfupi, wa dazi, wosavula tayi ngakhale kutenthe bwanji mu Okutobala. Makolo awo anachokera ku Mozambiki n'kukhazikika ku Phalombe, ndipo iwo anayamba ngati kalipentala wokhoma mafelemu a zithunzizo ku esiteti kuja. Zithunzi zitasamukira m'tauni, iwonso anasamuka nazo. Ankabwera pa njinga kuchokera ku Chitawira atamanga miyendo ya buluku ndi timipira.

Tsiku lina ndikukolopa ndinaona bambo wina wovala bwino akukanda chithunzi cha nsomba ndi chikhadabo. Ndinaiwala kuti ndine wokolopa. "Inu bambo inu! Mukufuna kuipala mamba? Mwaigula?" Munthu anadzidzimuka mpaka chipewa chinagwa pansi. A Muhiwa anatuluka mu ofesi, anapepesa mlendoyo, kenaka anandiitana. Ine mumtima ndinati basi, ntchito yathera pompa.

"Amake Tereza, maso muli nawo," anatero. "Koma pakamwa panu pokhapa, amva mpaka ku Ndirande. Mawa musiye chokolopera, mudzaime m'chipinda."

M'mawa mwake anandiphunzitsa ntchito tisanatsegule. Anati anthu athu si amwano ayi, kungoti ife timaona ndi manja. Ndipo ndi zoona. Chitenje pamsika sitigula tisanachigwire, tomato timafinya, ndipo mayi akanena kuti tabwera naye mwanayo timuone, ndiye kuti akufuna amunyamule. "Tsono musamayang'ane dzanja," anatero. "Muziyang'ana phewa, chifukwa dzanja limayambira paphewa. Phewa likasuntha, inu mwafika kale. Mugwire pamkono povalira wotchi, pang'onopang'ono ngati mwagwira dzira, ndipo munene kuti pepani, izi timaona ndi maso." Anadzichititsa ngati mlendo wamakani, ine ndikuwagwira mkono uku ndikufa ndi manyazi, poti anali a msinkhu wa bambo anga. Ndinawafunsa kuti nanga akakhala munthu wamkulu, wolemekezeka? "Ngakhale abusa, ngakhale nduna, ngakhale ine amene," anayankha akukonza tayi.

Chaka chimene anabadwa Luka

Mayina enieni a zithunzizo anali opotola lilime, ndiye tinkazipatsa athu. Panali Nsomba ndi Mandimu, chimene ndanena chija, nsomba yake yonyezimira moti masana njala ikafika ndinkayang'ana kumbali. Panali Abwanamkubwa, mzungu wonenepa wa wigi yoyera ataima ndi galu wake, wa maso okutsatira kulikonse kumene wapita. Panalinso cha kuzizira, mudzi wonse woyera mbee, munthu akukoka nkhuni pa kangolo kopanda matayala, ndipo ana a sukulu ankafunsa ngati umenewo ndi ufa watayika. Changa ine chinali cha ku Amereka: mtsinje wasefukira, banja lakhala padenga, mayi atafungatira nkhuku. Tsiku limene ndinachiyang'ana bwinobwino ndinangoti, ha, kodi azungunso amakwera padenga? Madzi ofiirawo ndinkawadziwa, ndi omwe aja a kwathu Shire akakwiya. Agogo anu atabwera kudzaona Luka ndinawatengera kumeneko. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Mayiyu ndi wanzeru, koma mphika wauiwala."

A Muhiwa chawo chinali chaching'ono, cha ku Ulaya, chimene tinkachitchula kuti Mayi wa Pawindo. Mzimayi wakhala pampando watifulatira, akusoka pafupi ndi windo, kuwala kukumugwera paphewa ndi pakhosi. Nkhope yake sioneka. M'mawa uliwonse a Muhiwa akaimika njinga ankayamba apita pamenepo. "Mwadzuka bwanji mayi? Kodi lero mutembenuka?" Akazi awo ankamutchula kuti mkazi mnzanga. Akabweretsa chakudya masana ankafunsa kuti, "Nanga mnzangayo wakuphikirani chiyani lero?" Iwo ankayankha kuti, "Ameneyu sayankha, n'chifukwa chake timagwirizana." Tonse kuseka, ndi akazi awo omwe.

Felemu ya chithunzi chimenechi anakhoma okha ndi mbawa, chiswe chitadya yakale. Koma ngakhale iwo, pa zaka zonse zimene ndinagwira nawo ntchito, sindinawaonepo atakhudza utoto wake. Pochisuntha ankavala magolovesi oyera n'kugwira m'mbali mokha, atatseka pakamwa kuti mpweya usafikepo. Ine ndinkawakonda bambo amenewa. Bambo anga anamwalira ndili wamng'ono, ndipo Luka atadwala chikuku ndi a Muhiwa amene anatinyamula pa njinga, ine ndi mwana kumsana, mpaka kuchipatala.

Zaka za kuthima kwa magetsi, Joana ali ku sekondale

Mdani wa zithunzi si manja okha, wina ndi chinyontho. Tinali ndi makina oyamwa chinyontho, koma makina amafuna magetsi, ndipo zaka zimenezo magetsi ankabwera ngati mlendo wodzazonda matenda, kukhala pang'ono n'kutsanzika. Jenereta inalipo, mafuta ake ndiye kunalibe. Minibasi zitasowa ndinkayenda wapansi kuchokera ku Nkolokosa, kufika nsapato zili matope okhaokha. Chiperoni chikayamba makoma ankachita thukuta, ndipo a Muhiwa ankatituma kusoka timatumba ta makala toika m'makona. Denga nalo linayamba kudontha, ife kumathamanga ndi ndowa ndi mabeseni. Pokonza dengalo zithunzi zinaikidwa m'mabokosi n'kupita kunyumba ina yosungiramo katundu ku Limbe, ndipo ine ananditumiza komweko. Nyengo yonse yadzinja ndinakhala ndikulondera mabokosi otseka, kuthamangitsa makoswe, fungo la fodya lili m'zovala mpaka bambo anu ankandifunsa ngati ndayamba kusuta.

Zithunzi zitabwerera, a Muhiwa anapuma pa ntchito. Posakhalitsa akazi awo anamwalira, ndipo a Muhiwawo matenda a shuga amene ankawavuta kuyambira kale anawalowa m'maso mpaka anasiya kuona. Ndinkapita kukawaona ku Chitawira, koma osati kawirikawiri monga ndinayenera, poti nanunso munali ndi zanu zondithamangitsa.

M'malo mwawo munabwera mayi Phambala, achitsikana ndithu, ophunzira kunja, osaseka pa ntchito koma achilungamo. Poyamba tinkakhulana, chifukwa ine pakamwa mukundidziwa, koma tinadzazolowerana. Iwowa anakumana ndi tsoka limene silinali lawo. Loweruka lina ine kulibe, anthu a ukwati anapempha kujambulitsa m'chipinda, ndipo mperekezi wina anatsamira Abwanamkubwa mpaka chigongono chinasiya chizindikiro pa galu. Mdzukulu wa mzungu uja anachita kubwera pa ndege. Sanakalipe ayi, anali munthu waulemu, ndipo zimenezo ndi zimene zinandiopsa. Anangoti zikachitikanso adzabwera ndi mabokosi.

Tisanapume n'komwe, tsiku lina mayi Phambala anandiitanira kwa Mayi wa Pawindo atanyamula tochi. Anawalitsa cham'mbali. Paphewa penipeni, pamene pamagwera kuwala paja, utoto unali utatukuka timamba ting'onoting'ono, tongotsala pang'ono kugwa. Chinyontho cha zaka zija chinali chitagwira ntchito yake mwakachetechete. "Mayi Zuze," anatero, "pali katswiri wa ku Joni amene angatimatire, koma sabwera msanga. Kufikira atabwera, pasafike chala, pasafike ngakhale nthenga yopukutira fumbi. Timamba iti tikagwa, nyumba ino tatseka." Anamanga chingwe patsogolo pake, ndipo malo anga oimapo anasamukira pamenepo. Nkhani imeneyi sindinawauze a Muhiwa. Ndinati bambo osaona, ofedwa, ndiwasenzetserenji zina?

Chaka cha ukwati wa Tereza

Linali tsiku la chiperoni, m'mawa, m'chipinda mulibe mlendo aliyense. Mayi Phambala anali atapita kumsonkhano. Ndinamva ndodo ikugogoda pakhonde, ndipo nditasuzumira ndinaona a Muhiwa atavala tayi, mwana wawo wamkazi Agnesi atawagwira pachigongono. Anali atawonda mpaka kolala ya malaya inkangozungulira khosi. Ndinawathamangira, ndinawagwira dzanja ndi manja awiri, ndipo anandizindikira ndi fungo ndisanalankhule.

"Amake Tereza, mukadali kuchapa ndi sopo yemwe uja?"

Agnesi anandiuza kuti akuwatengera kumudzi ku Phalombe, ndipo mmene ananenera ndinamva kuti si ulendo wobwerera. Sabata yonse anali akuyenda nawo kutsanzika: kutchalitchi, kwa aneba, kwa bambo amene ankawakonzera njinga, kumanda kwa akazi awo. Anakana kukwera galimoto ya ku Phalombe asanafike kunyumba ya zithunziyo. "Munthu sachoka ngati wakuba," anatero a Muhiwa. "Ndinakhala nawo anthu a m'zithunziwa nthawi yaitali kuposa abale anga."

Anazungulira chipinda chonse osafunsa njira. Anaima pa Abwanamkubwa n'kufunsa ngati awondako. Pa Nsomba anati yakhalitsa, igulitsidwe motchipa. Pa cha madzi osefukira anati, "Awa ndi abale anu, munditsanzikire ndinu." Ine ndinkaseka misozi ili m'maso. Kenaka ndodo yawo inagunda chingwe chija.

"Ichi n'chiyaninso?"

"Ndi chingwe, bambo. Anaika a bwana atsopano."

Anapatsa Agnesi ndodo, anakweza mwendo n'kudumpha chingwecho pang'onopang'ono, ndipo anaima maso ndi maso ndi Mayi wa Pawindo. Anavula chipewa. "Mwadzuka bwanji mayi? Ine ndikupita, inu simunatembenukebe." Kenaka analankhula ndi ine osandiyang'ana. "Amake Tereza, zaka zonse zija sindinamugwirepo, inu ndinu mboni. Lero maso ndilibe. Ndingomusisita paphewa kamodzi kokha, ndimutsanzike."

Abale inu, paphewa! Agnesi anandiyandikira n'kunong'ona kuti, "Aloleni mayi, chonde. Sabweranso." Ndinayang'ana kukhomo, kunalibe munthu. Mtima wanga wonse unkati aloleni. Ndani anali woyenera kugwira chithunzi chimenechi kuposa iwowa? Anthu onse amene anawatsanzika sabata imeneyo anawagwira chanza, ndiye ine ndikhale wowakaniza chanza chomaliza? Koma ndinkadziwanso kuti chala chawo chikafika pamenepo chibwerako ndi utoto, ndipo mabokosi abwera, ndipo ntchito ya moyo wawo wonse ikwera ndege chifukwa cha dzanja lawo lomwe. Pakamwa panga, pamene pamamveka mpaka ku Ndirande paja, panauma gwa. Ndikanali kuganiza choti ndinene, phewa lawo linasuntha.

Sindikumbukira kudumpha chingwe. Ndinangopezeka ndawagwira povalira wotchi, zala zawo zitatsala pang'onong'ono kufika, ndipo mawu anatuluka okha monga ankatulukira tsiku lililonse: "Pepani, izi timaona ndi maso."

Mayo ine! Kunena zimenezo kwa munthu wosaona. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Agnesi anatsonya n'kuyang'ana kumbali.

"Iwe Felesita!" Chiyambire anali asananditchulepo dzina langa, kapena kundinena kuti iwe. "Ukundigwira ine? Ine?"

Ndinagwada pansi, koma dzanja sindinalisiye. Mkono wawo unali wopyapyala.

"Ndisiye."

"Ndikusiyani, bambo, mukabweza dzanja."

Tinakhala choncho, ine chogwada, iwo chiimire, madzi akudontha kuchokera pa malata kunja. Kenaka ndinamva mkono uja ukufewa. Anaubweza, ndipo ine ndinausiya. Anapumira m'mwamba nthawi yaitali. Atalankhulanso, mawu awo anali atatsika.

"Chingwechi sanaikire chabe. Ali bwanji mayiyu? Musandinamize."

Ndinawauza zonse, za tochi, za timamba ta paphewa, za katswiri amene tinkamudikira.

"Ndiye bwanji osanena?"

"Sindinafune kuti mupite nazo ku Phalombe."

"Akanakhala kuti ali bwinobwino, mukanandilola?"

Apa ndikanatha kunama, ndipo Agnesi ankandiyang'ana ndi maso ondipempha kuti ndiname. "Ayi, bambo," ndinatero. "Munati ngakhale inu amene."

Anangoti, "Hm." Sanaseke, sanakalipenso. Kenaka anati, "Dzukani. Poti ndi za maso, ndibwerekeni anuwo. Mukuona chiyani?" Ndinadzuka n'kuyamba kuwafotokozera: windo lotsegula theka, kuwala pakhosi, mpango woyera kumutu, diresi la buluu, nsalu ili pamiyendo, dengu pansi. Nditamaliza anafunsa kuti, "Nanga kaulusi?" Ndinati kaulusi kati, bambo? "Kofiira. Pansi pa mpando, kumanzere, kagwa kuchokera m'dengu." Ndinawerama kuyang'ana. Kanalipodi, kopyapyala, kopindika pa thabwa la pansi. Zaka zonsezo ndinkaima pambali pa chithunzicho ndikuyang'ana mapewa a anthu.

Anavala chipewa, anapempha ndodo, ndipo anatembenuka osanena kanthu kwa ine. Ndinawatsatira pambuyo mpaka kukhomo mtima ukuwawa, chifukwa ndinaona kuti atsanzika galu wa Abwanamkubwa ndi nsomba yomwe, koma ine andisiya. Anatsika sitepe yoyamba, Agnesi akutsegula ambulera. Pamenepo anaima, anatembenuka, n'kutambasula dzanja m'malere. Ndinalilandira ndi manja awiri. Iwo sanagwire chanza. Zala zawo zinafufuza mpaka zinapeza povalira wotchi panga, n'kugwira mofewa.

"Chonchi," anatero. "Ndinati ngati dzira. Inu mumagwira ngati mukugwira mbuzi yothawa."

Ndinaseka ndi kulira nthawi imodzi, mamina ali chuchuchu, mayi wamkulu wa mwana wokwatiwa.

"Tsalani bwino, mwana wanga. Mayi uja musamusiye yekha."

Chaka chino, ndili pakhonde ku Nancholi

Anamwalira mvula isanayambe, ndipo ndinapita ku Phalombe kukawaika. Agnesi anandipatsa moni wozizira, ndipo sindimuimba mlandu. Katswiri uja anabwera mochedwa monga tinkayembekezera, anamata timamba tija kamodzikamodzi, ndipo mabokosi sanabwere. Ine ndinaimabe pamalo pomwepo mpaka tsiku limene ndinapuma, ndipo m'mawa uliwonse ndinkayamba ndafunsa Mayi wa Pawindo ngati lero atembenuka.

Mawu amene ndinawanena aja amandiwawabe ndikawakumbukira, koma dzanja lija ndikanaligwirabe ngakhale lero. Tsono inu, Tereza, Luka ndi Joana, mumadutsa pa nyumba imene ija popita kubanki ngati simukuidziwa. Tsiku lina mudzalowe ndi ana anu. Mukafika pa Mayi wa Pawindo mudzawerame, mudzayang'ane pansi pa mpando kumanzere, ndipo mudzawauze anawo amene anandionetsa kaulusiko. Koma manja kumbuyo, mwamva?